Zitenje Zisanu za M'sutikesi

Akazi anga atatisiya, pansi pa bedi panatsala sutikesi yofiirira, ndipo m'katimo munali zitenje zisanu zatsopano zimene sanavaleko ngakhale kamodzi. Chitenje chilichonse chinali ndi mzinda wake. Ndinkadziwa kuti tsiku likubwera loti abale awo adzakhale pamphasa kugawana zovala za malemu monga mwa mwambo, ndiponso kuti pa tsikulo ine mkamwini sindidzakhala ndi mawu. Kwa miyezi ingapo ndinkangodzifunsa ngati ndidzalimbe mtima kupempha kuti zitenjezo zokha andisiyire.

Ine kwathu ndi ku Pembamoyo. Ku Zemba ndinabwera ndili mphunzitsi wachinyamata, ndinakwatira komweko, n'kumanga nyumba pamudzi wa akazi anga. Nditapuma pantchito tinkalima chimanga ndi mtedza, ndipo kumpingo anandisankha kukhala mkulu. Akazi anga anali a chigwirizano cha amayi. Moyo wathu unali womwewo: kumunda, kutchalitchi, kumaliro, ndi kuboma kamodzikamodzi.

Apongozi anga aamuna, atate awo a akazi anga, anayendako kutali ali mnyamata. Anachoka pamudzi wapansi, anawoloka Zambezi pa Tete, anakasenza matumba padoko la Beira, anakagwira ntchito pafamu kufupi ndi Mutare, anakaphikira azungu ku Walale, umene lero timati Harare, n'kukamalizira kunjanji ku Bulawayo. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo, chipewa chachikulu ndi chifuwa chimene sichinawachoke mpaka imfa. Mwa ana awo onse, amene ankakonda kumvetsera nkhani za ulendowo anali akazi anga. Mayina asanu a mizindayo ankawatchula motsatizana ngati mwana wa giredi wanu akuwerenga manambala.

Chaka chimene tinakwanitsa zaka makumi anayi tili m'banja, mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Lusaka, anaimba foni.

"Atate, sankhani ndi amayi kumene mukufuna kukaona. Zina zonse mundisiyire ine."

Ine ndinali nditayamba kale kunena kuti tingobwera ku Lusaka komweko tidzapumule sabata imodzi, koma amake anandilanda foni m'manja.

"Iwe, usawamvere atate ako, awa ku Chipata amati n'kutali. Lemba. Tete, Beira, Mutare, Walale, Bulawayo."

Ndinamva mwanayo akuseka kufoniko. "Amayi, yonseyo? Ndi mayiko awiritu amenewo."

"Agogo ako anayenda wapansi. Ife tilephere pa basi?"

Unali mwezi wa Juni, tikuswa mtedza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ulendo wonse tinaukonzera pamphasa imeneyo. Akazi anga anasesa makoko ndi dzanja, n'kuika timiulu tisanu ta mtedza motalikirana, aliyense mzinda wake. Njere imodzi inali tsiku limodzi. Tete anampatsa ziwiri, Beira zitatu, Mutare ziwiri, Walale zinayi, Bulawayo ziwiri. Ankafuna kuti tinyamuke Lolemba, tibwerere Loweruka la sabata yachiwiri, kuti tijombe kutchalitchi kwathu Lamulungu limodzi lokha.

"Zakwana," anatero akupukuta m'manja.

"Nanga a mumsewu ali kuti?" ndinafunsa.

"A mumsewu ati?"

"Amayi, kodi tikachoka pa Tete tidzangotsinzina n'kupezeka tili pa Beira?"

Anayang'ana mphasayo nthawi yaitali, kenaka anaseka mpaka misozi. Msewu anauiwaliratu. Ndinakatenga chimanga chodzaza dzanja n'kuyamba kuika njere pakati pa miuluyo: kuchoka kuno kudzera pachipata cha Chanida mpaka ku Tete, kuchoka ku Tete mpaka ku Beira, mpaka kumapeto kumene tinayenera kubwerera kudzera ku Livingstone ndi ku Lusaka. Chimanga chinadya pafupifupi theka la masiku athu. Tili mkati molimbana nazo, nkhuku inazemba n'kujompha Walale yense.

"Mwaona," ndinatero, "ngakhale nkhuku ikuti mizinda yachuluka."

"Nkhuku imeneyo ndi ndiwo ya Lamulungu. Bwezeranipo Walale wanga."

Masiku otsatira tinkabwereza zomwezo. Mwana wathu ankafufuza za mabasi n'kumatiuza pafoni, ife n'kumasuntha njere. Ine ndinaona kuti Beira ali pambali, ngati munda wa kudambo umene umapita mwapadera. Ndinanena kuti tikamchotsa, mizinda inayo tikaiona mosathamanga. Akazi anga anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mtundu.

"Abambo, nyanja ya mchere muichotse? Atate ankati madzi ake sungamwe. Ine kuyambira ndili kamtsikana sindinakhulupirire. Ndikufuna ndikaviike chala ndilawe ndekha."

"Mchere tili nawo m'kapumo. Ndikusungunulireni?"

"Mukakhala pamaliro mumaoneka munthu wanzeru."

Pomaliza Beira anatsala, koma mizinda yonse inaonda. Tete anatsala ndi njere imodzi, Mutare imodzi, Bulawayo imodzi, Beira ndi Walale ziwiriziwiri. Tsiku lililonse linali ndi ntchito yake. Pa Tete ankafuna kuwoloka mlatho wapansi, osati pagalimoto. Ku Beira, kupatula kulawa nyanja, ankafuna kuona sitima zikuluzikulu zimene atate awo ankatsitsamo matumba. Ku Mutare ankangofuna mapiri. Ku Walale atate awo ankati kuli mitengo imene imachita maluwa apepo n'kuwakhuthulira mumsewu nyengo yotentha ikamayamba, n'chifukwa chake tinasankha kumapeto kwa Sepitembala. Ku Bulawayo ankafuna kuima pakati pa msewu n'kuona ngati n'zoona kuti ngolo ya ng'ombe zambiri ikhoza kutembenukiramo. Ndinawauza kuti adzagundidwa ndi galimoto. Anati ndidzawagwira dzanja.

Tinakwera minibasi kupita ku Chipata kukalembetsa mapasipoti. Wojambula zithunzi anawauza kuti asamwetulire, ndipo zinatenga maulendo anayi kuti atseke pakamwa. Tikuchoka kumeneko anandikokera kumsika. Ine ndinaima padzuwa nditanyamula chikwama, iwo akutembenuza nsalu. Anasankha chachikasu cha Tete, chabuluu cha mizere yokhotakhota cha Beira, chobiriwira cha Mutare, chapepo cha Walale, ndi chofiira cha mizere iwiriiwiri yowongoka cha Bulawayo, ati ngati njanji.

"Zonsezi za masabata awiri?" ndinafunsa.

"Pachithunzi nkhope ndi imodzimodzi. Adzukulu adzadziwa bwanji kuti apa agogo anali kuti? Chitenje ndicho chidzanena."

Titafika kunyumba anadula timapepala kuchokera m'kope lakale, analemba dzina la mzinda pa kalikonse ndi dzanja lawo lopendekera, n'kubaya ndi phini pakona ya chitenje. Anazipinda motsatira ulendo, Tete pamwamba, Bulawayo pansi, n'kutseka sutikesi.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo chinali changa. Akazi anga anali ndi mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, amene nyumba yake inali pamudzi pomwepo, kungodutsa khola la mbuzi ndi nyumba ziwiri. Alamu angawo si a mpingo, iwo amasunga miyambo ya makolo ndi za kudambwe. Sitinakanganepo, koma tinkalemekezana motalikirana. Ine ndinaleredwa kuti mkamwini satenga mwana wa eni ake kupita naye kutali osakhala pansi ndi mwini mbumba n'kutsanzika. Ndipo mantha anga enieni anali awa: chitachitika china kutsidya kwa malire awiri, ine ndikanabwera ndi nkhope yanji pamudzi pano? Ndikanawauza chiyani eni ake?

"Ndawauza kale alongo anga," akazi anga anatero tsiku lina akupeta. "Angoseka."

"Zokambirana munthu ndi mlongo wake si kutsanzika. Ndiyenera kupita ndekha, tikhale pansi."

"Pitanitu. Ali apo, akusema mpini."

"Nkhani yotere sukambira munthu ali ndi kasemasema m'manja."

Mu Julayi ndinakonzeka kupita, koma kunyumba kwa alamu kunagwa maliro a mdzukulu wawo. Sukalowa m'nyumba ya anamfedwa n'kuyamba kukamba zokaona nyanja. Ndinati misozi iyambe yauma. Mu Ogasiti anatanganidwa ndi mwambo wokumbukira akufa a mbali yawo, ng'oma zikulira masiku angapo, ndipo ine monga mkulu wa mpingo ndinaona kuti si nthawi yoti ndizioneka ndikuzungulira pakhomo pawo. Mapasipoti anatuluka. Mwana wathu anaimba kufunsa tsiku loti agule matikiti. Ndinati adikire pang'ono.

Ndinkakumana nawo alamuwo. Tinkakumana kuchigayo, kudimba, panjira ya kuboma. Tinkapatsana moni, kufunsana za ng'ombe ndi za chifuwa chawo. Nthawi zonse ndinkafuna kuyambitsa nkhaniyo, koma ndinkati panjira si pokambira.

"Abambo," akazi anga anatero kumayambiriro kwa Sepitembala, "alongo anga si ofesi ya boma yoti mudikire tsiku lotsegulira. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna maso a nkhono. Ndikufuna Beira."

Ananena akuseka, koma atatembenuka kupita kukhitchini sanasekenso. Sanandikakamize kupitirira apo. Zaka makumi anayi zinawaphunzitsa kuti ndikakankhidwa ndimaima nji ngati ng'ombe pamlatho.

Tsiku limene ndinavala jekete n'kupitadi, ndinapeza alamu atapita kwa mwana wawo ku Katete, ndipo anakhalako masabata atatu. Pobwera, Okutobala anali atapita pakati. Dzuwa linali loswa mtengo, minda inkadikira kugalauza, feteleza anayenera kukatengedwa. Ndinauza akazi anga kuti tiyambe tadzala, ulendo tidzapita chaka chamawa tikakolola, ndipo nthawi imeneyo ndidzatsanzika msanga, mu Meyi momwe.

Analowa kuchipinda. Anakoka sutikesi, anaitsegula, anaikamo timibulu tothamangitsa njenjete, n'kuibwezera pansi pa bedi.

"Mitengo ija imachita maluwa chaka chilichonse," ndinatero.

"Imatero," anayankha.

Mu Febuluwale tili kupalira mtedza anati mutu ukuwawa. Anakhala pansi pamzere, kenaka ndinaona kuti khasu lawagwa m'manja ndipo pakamwa papotoka. Tinathamangira nawo kuchipatala kuboma, kumeneko anatitumiza ku Chipata. Anamwino ndi madokotala anachita zonse zimene akanatha. Anakhala masiku atatu osalankhula, ine nditawagwira dzanja limene linkamvabe. Tsiku lachinayi m'mawa anapita. Amayi a chigwirizano anawaperekeza ndi nyimbo kuchokera panyumba mpaka kumanda.

Sindinamufunse Mulungu kuti bwanji. Masiku a munthu amawadziwa ndi Iye, ndipo sindikhulupirira kuti tikanapita ku Beira akanakhala ndi moyo mpaka lero. Chimene chinkandilemera chinali china. Iye anatipatsa chilimwe chathunthu, mapasipoti ali m'manja, mwana ali wokonzeka, ine n'kuchithera kufunafuna tsiku labwino lodutsira khola la mbuzi.

Tsiku logawa zovala linaikidwa titakolola. Kutatsala masiku awiri, ndinatulutsa sutikesi masana anthu ali kumunda, ndinayenda nayo mpaka pankhokwe. Ndinaganiza zoikwirira m'chimanga. Palibe akanadziwa, chifukwa zitenjezo sizinaonekepo pathupi pawo. Ndinaima pamenepo mpaka mkono unatopa. Kenaka ndinakumbukira kuti Lamulungu likudzalo ndine ndinayenera kugawa mkate wa Mgonero, ndi manja omwewo. Ndinabwerera nayo m'nyumba.

Anasonkhana m'mawa pansi pa mango uja. Panali alamu, mwini mbumba, atakhala pampando. Panali akulu awo a malemu, mayi wa pakamwa posapsatira amene ankatsogolera kugawako, ndiponso ang'ono awo, ana a abale awo ndi mwana wathu amene anabwera kuchokera ku Lusaka. Ine ndinakhala chapatali pa kampando kanga. Anatulutsa madiresi, maduku, nsapato, juzi ya m'nyengo yozizira. Chilichonse ankachikweza m'mwamba, kutchula woyenera kulandira, iye n'kuwomba m'manja. Pomalizira anabweretsa sutikesi.

"Iiih, taonani mng'ono wanga!" anatero akulu awo atatsegula. "Zatsopano zokhazokha, zikununkha kusitolo. Ankabisira yani? Ndiye timapepalati n'ta mitengo?"

Anapatsira alamu chitenje chabuluu. Iwo anachitalikitsa kumaso n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Beira." Anatenga china. "Bulawayo." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, izi ndi za ulendo uja?"

"Ndi zomwezo."

"Inetu ndakhala ndikufuna kukufunsani. Unalephereka bwanji?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ndinkafuna ndiyambe ndabwera kwanu, tikhale pansi, ndikutsanzikeni mwaulemu. Mpata sunapezeke."

"Kwa ine?" Anaika chitenjecho pamwendo. "Alamu, mlongo wanga anandiuza mtedza usanathe kuswa. Ndinamutuma kuti akandigulire chipewa ku Bulawayo, chonga cha atate chija. Ine ndinkangodikira kumva kuti mwanyamuka. Nditaona Sepitembala wadutsa ndinati kapena zinthu zavuta m'thumba, ndiye munthu wamkulu sumufunsa zotero. Tinkakumana kuchigayo, ine n'kumati mwina lero anena, inu n'kumandifunsa za ng'ombe."

Palibe anaseka. Mwana wathu anaphimba nkhope ndi duku.

Alamu anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chawo chija. Atapuma anati, "Izi zisagawidwe. Zibwerere m'sutikesi, zitsale ndi alamu. Zinali za awiriwa."

Chimene ndinalephera kupempha miyezi yonseyo chinaperekedwa ndisanatsegule pakamwa. Koma akulu awo a malemu sanachedwe.

"Mwamuna azitani nazo zitenje, avale? Mawa apeza kamtsikana kuboma, ife tidzaone Walale wa mng'ono wanga ali m'chiuno mwa mlendo!"

Amayi ena anaseka m'manja, akupukuta misozi.

"Alamu musakwiye, pakamwa pangapa mukupadziwa," anapitiriza, mawu atatsika. "Inu simungatero, ndikudziwa. Koma nsalu yosavala ndi chakudya cha njenjete. Mng'ono wanga sankagula chitenje kuti chizigona mumdima. Komabe alongo anena. Zili kwa inu."

Onse anandiyang'ana. Ndinayang'ana zitenjezo zili padzuwa kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Chipata, mitundu yake ikuwala pamphasa pomwe tinkaika mtedza. Ndinkazifuna. Ndinkafuna kuti ndizitha kutsegula sutikesi ndikakhala ndekha n'kuzipeza mmene anazipindira. Koma ndinaonanso kuti zinakhala kale pafupifupi chaka chathunthu pansi pa bedi chifukwa cha ine, ndipo tsopano ndinali pafupi kuzitsekeranso kachiwiri.

"Zikomo alamu, mwandilemekeza," ndinatero. "Koma gawani. Mungondipatsa timapepalato."

Akulu awo anachotsa maphini amodziamodzi mosamala, ngati akuchotsa minga kuphazi kwa mwana, n'kubwera kudzagwada pafupi nane. Anandiika timapepala tisanu m'dzanja, n'kulipinda dzanjalo ndi manja awo awiri.

Tsiku lomwelo alamu ananena pamaso pa onse kuti ndisaganize zobwerera ku Pembamoyo, pamudzi pano ndi panga mpaka ndidzatsatire mlongo wawo. Ndinatsala.

Timapepalato tili m'kati mwa pasipoti ya akazi anga, imene ilibe chidindo ngakhale chimodzi. Mwana wathu wandifunsapo kawiri ngati ndingafune kuti tipite awiri, iye ndi ine. Ndamuuza kuti ndiganiza, ndipo nditanena ndinadzimva ndekha mmene mawuwo akumvekera. Sindikudziwa ngati ndidzapita.

Mutare anapita ndi mwana wa mng'ono wa akazi anga amene anakwatiwa ku Chipata, sindinamuonenso. Walale anatenga mwana wathu, akuti amavala akakhala panyumba. Tete ndimamuona kumjigo pafupifupi m'mawa uliwonse, wayamba kale kusuluka. Bulawayo ali ndi akulu awo a malemu, amavala kumaliro ndi kutchalitchi, ndipo akandiona amakoka kona yake n'kunena kuti, "Alamu, njanji yanu iyi, mukwera liti?"

Beira anagwera mdzukulu wa alamu, mtsikana amene anabereka mwana wake woyamba mvula itayamba. Amaberekera khandalo. Sabata yatha anadutsa pakhomo panga akupita nalo kusikelo, mizere yabuluu ija itakulunga kamsana kake, mutu ukugwedera. Anagwada kundipatsa moni, ndipo ndinaona kuti kakhandako kagwira kona ya chitenje, pamene panali phini, kakuyamwa.

"Asiye, chakuda icho," amake anatero akukachotsa m'kamwa.

"Mlekeni alawe," ndinatero.